Ulendo wa ku Likoma ndi Chizumulu pa ndalama zochepa: mafunso ndi mayankho kwa okonda zachilengedwe a ku Dedza ndi ku Ntcheu

Aphunzitsi amene amayang'anira makalabu a zachilengedwe m'sukulu za kuno, magulu a achinyamata a m'mipingo ndiponso mabanja amene asunga kangachepe amafunsa kawirikawiri ngati munthu wopeza mwapakatikati angathe kukafika ku zilumba za Likoma ndi Chizumulu n'kukaona zolengedwa za kumeneko popanda kulowa m'ngongole. Yankho langa ndi lakuti n'zotheka, malinga munthu atamvetsa kuti ndalama zambiri zimathera pa mayendedwe ndi pa chakudya, pamene nsomba, mbalame, mitengo ndi nyanja yeniyeniyo sizilipiritsa aliyense.

Kodi zilumba zimenezi zili pati, ndipo ndi za dziko liti?

Likoma ndi Chizumulu zili chakum'mawa kwa Nyanja ya Malawi, moyang'anana ndi boma la Nkhata Bay. Ngakhale zazunguliridwa ndi madzi a dziko la Mozambique, zonse ziwiri ndi za Malawi, ndipo pamodzi zimapanga boma la Likoma, lomwe ndi laling'ono kuposa maboma onse m'dziko muno. Chilumba cha Likoma kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 18, cha Chizumulu pafupifupi 3, ndipo kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 14,000 m'boma lonselo. Munthu ataima pagombe la Mbamba amaona mapiri a ku Mozambique bwinobwino, koma kuti akafike kumtunda kwa Malawi amayenda maola angapo pamadzi. Kutalikaku n'kumene kumakweza mtengo wa ufa, shuga ndi sopo pachilumbapo, komanso n'kumene kwathandiza kuti madzi a m'magombe ambiri akhalebe oyera moti munthu amaona miyala ya pansi ali m'bwato.

Tingayende bwanji kuchokera ku Dedza kapena ku Ntcheu?

Njira imene ndimaiona yoyenera kwa munthu wa kuno ndi yodzera ku Monkey Bay. Mumakwera minibasi mpaka pa Masasa, n'kutsika Khwekhwelere kukafika ku Golomoti, kenako n'kugwira msewu wopita ku Monkey Bay. A ku Ntcheu angathenso kudzera msewu wa Kasinje n'kukalowa mu msewu wa M5. Ku Monkey Bay n'kumene kumanyamukira sitima ya Ilala, imene inapangidwa ku Scotland mu 1949 n'kuyamba kuyenda panyanjayi mu 1951. Mwa chizolowezi cha zaka zambiri, Ilala imanyamuka Lachisanu m'mawa, imafika ku Likoma Loweruka, imapitirira ku Chizumulu ndi ku Nkhata Bay mpaka ku doko la Chilumba m'boma la Karonga, ndipo pobwerera imadzeranso ku Likoma Lachiwiri n'kufika ku Monkey Bay Lachitatu. Choncho wonyamuka kuno Lachinayi amagona usiku umodzi ku Monkey Bay, amakhala pachilumba kuyambira Loweruka mpaka Lachiwiri, ndipo amafika kwawo sabata isanapitirire kwambiri.

Njira ina ndi yodzera ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, kapena ku Salima, Nkhotakota ndi Dwangwa, mpaka ku Nkhata Bay, kumene kumanyamuka maboti ena opita ku zilumbazi pa masiku amene Ilala kulibe. Ulendo wa pamadzi umafupika, koma wa pamsewu umatalika ndipo umadya ndalama zambiri. Ndege imateranso ku Likoma, koma siili m'gulu la zotchipa.

Ilala ndi sitima yakale, ndipo nthawi zina imaimitsidwa kuti ikonzedwe kapena imachedwa ndi mphepo ndi katundu. Funsani ku ofesi ya sitima za tsiku ndi mtengo wa tikiti m'sabata imene mukufuna kunyamuka, ndipo musaike ukwati, mayeso kapena tsiku lobwerera kuntchito moyandikana kwambiri ndi tsiku lofika.

Kodi kalasi yotchipa ya m'sitima ndi yopiririka?

Ndi yopiririka, ndipo ndi imene anthu ambiri a ku zilumbazi amakwera. Ili pansi, imadzaza anthu, matumba a ufa, madengu a usipa, nkhuku ndi malata, ndipo usiku kumatentha. Wofika msanga amapeza benchi. Wochedwa amayala chitenje pomwe wapeza mpata. Tikiti ya pamwamba pa sitima ndi yokwererapo mtengo, koma imakupatsani mphepo yabwino ndi malo oonera nyanja mbali zonse, ndipo kwa gulu limene lapita kukaona zachilengedwe ndalama yowonjezerayo siinatayike, chifukwa ulendo wa pasitimawo ndi gawo la zimene mwapitira. Ena amakwera ya pamwamba popita ndi ya pansi pobwerera, ndipo nzeru imeneyi ndimaivomereza. M'malo amene mulibe doko anthu amatsikira m'maboti ang'onoang'ono a sitimayo n'kukapondera m'madzi ofika m'mawondo, choncho mafoni ndi zikalata zikhale m'jumbo yomanga bwino, ndipo ana agwidwe pamkono ndi wamkulu mmodzi wodziwika.

Nanga tingachepetse bwanji ndalama za chakudya?

Apa ife a kuno tili ndi mwayi umene alendo ena alibe. Nthaka ya ku Likoma ndi yamchenga ndi yamiyala, mbewu yodalirika ndi chinangwa, ndipo chimanga, nyemba ndi masamba ambiri zimachita kubwera pasitima kapena pamaboti ochokera ku Mozambique. Zimene ife timagula motchipa pa Lizulu, pa Tsangano Turn-off kapena pa Bembeke, monga mbatata ya kachewere, nyemba, kabichi, anyezi ndi karoti, kumeneko zimakwera mtengo ndipo nthawi zina sizipezeka n'komwe. Nyamulani ufa wokwanira masiku onse, nyemba, kachewere, anyezi, mchere, mafuta ophikira, shuga, masamba a tiyi ndi tomato wosapsa kwenikweni kuti asaphwanyike m'njira. Ndiwo ya nsomba mukaigula pagombe m'mawa asodzi akamakocheza, ndipo usipa ndi utaka wa tsiku lomwelo umatsika mtengo kuposa wouma umene timagula kuno utadutsa m'manja mwa anthu atatu kapena anayi.

Nkhuni ndi makala n'zosowa pachilumbapo, chifukwa zambiri zimaoloka kuchokera ku Mozambique, choncho phikani limodzi ngati gulu, nyemba muziviike usiku wonse kuti zisadye moto wambiri, ndipo musathyole nthambi za mitengo ya eni ake. Komabe musanyamule zonse mpaka kusagula kanthu kwa anthu a kumeneko. Kondowole wa chinangwa ndi nsomba yowotcha m'kanyumba kodyera ka pamsika wa Mbamba sizidula kwambiri, ndipo mango m'nyengo yake amachuluka.

Ndalama munyamule zina m'manja. Airtel Money ndi Mpamba zimagwira ntchito, koma netiweki ikhoza kuvuta ndipo wothandiza kutapa ndalama akhoza kukhala kuti zamuthera.

Kodi malo ogona otchipa alipo?

Alipo. Pachilumbapo pali malo a alendo olemera amene amalipiritsa m'madola, koma palinso nyumba zogona alendo wamba pafupi ndi msika ndi malo a m'mbali mwa nyanja amene amalola munthu kukhoma tenti yake pa mtengo wotsika. Magulu a sukulu ndi a mipingo angachite bwino kulembera kalata anzawo a kumeneko kudakali miyezi, chifukwa nthawi ya tchuthi kalasi kapena holo ikhoza kupezeka, ndipo gulu limene lalandiridwa motere lisachoke osasiya chothokozera. Musakhome tenti pagombe lililonse popanda kupempha, pakuti gombe lililonse lili ndi mudzi wake ndi nyakwawa yake.

Tikaona nyama zanji? Kodi kuli njovu kapena mikango?

Kulibe, ndipo wofuna zimenezo apite ku Liwonde kapena ku Majete. Zilumbazi si malo osungirako nyama zakutchire, palibe chipata cholipirirapo, ndipo chuma chake chachilengedwe chili m'madzi, m'mlengalenga ndi m'miyala. Mudzaona nsomba zamitundumitundu, nkhwazi ndi mbalame zina za m'madzi, ng'azi zikuothera dzuwa pamiyala, agulo amitu yobiriwira, milambe ikuluikulu, ndipo wamwayi wodzuka mbandakucha akhoza kuona katumbu akusambira m'mbali mwa matanthwe. Ndimanena izi poyera chifukwa ana a sukulu amene alonjezedwa nyama zazikulu amabwerako okhumudwa, pamene amene anaphunzitsidwa za mbuna asananyamuke amakana kutuluka m'madzi.

Kodi mbuna n'chiyani, ndipo tingazione bwanji popanda kulipira zida zodula?

Mbuna ndi tinsomba tating'onoting'ono tokhala m'miyala, tambiri totalika osapitirira chikhatho cha munthu, tamitundu yowala: tabuluu, tachikasu, tamizeremizere yakuda, tina tamawangamawanga. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi, ndipo ya m'banja limodzi ndi chambo, utaka ndi mbuna yokha imaposa 700, pafupifupi yonse yosapezeka kwina kulikonse. N'chifukwa cha nsomba zimenezi kuti Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 kumwera kwa nyanjayi, inalembedwa ndi bungwe la UNESCO la United Nations mu 1984 m'gulu la malo ofunika padziko lonse. Chimene chimapangitsa Likoma ndi Chizumulu kukhala zapadera n'chakuti mbuna sizikonda kuoloka mchenga wautali kapena madzi akuya, choncho za pamiyala ina zimakhala zokhazokha kwa mibadwo yambirimbiri mpaka kusiyana mtundu ndi za pamiyala ina. Pali mitundu imene imapezeka pa zilumba ziwirizi basi, ndipo anthu a ku Ulaya ndi ku America amaigula pa mtengo wokwera kuti aziweta m'magalasi m'nyumba zawo, pamene inu mukhoza kuiona kwawo kwenikweni mutangolowa m'madzi ofika m'chiuno.

Chida chimodzi chokha n'chofunika: magalasi oonera pansi pa madzi, ndipo ngati kapaipi kopumira kalipo, ndi bwino koposa. Malo ambiri ogona alendo amabwereketsa zimenezi pa tsiku, ndipo gulu la anthu khumi likhoza kubwereka awiri kapena atatu n'kumasinthana. Sankhani malo amene miyala yatsikira m'madzi pang'onopang'ono, pitani m'mawa nyanja ili bata, lowani mwakachetechete, kenako khalani osagwedezeka kwa mphindi zingapo. Poyamba nsombazo zimathawa, koma zikaona kuti simukuzithamangitsa zimabwerera ku ntchito yake. Mudzaona zina zitatsamira mutu pamwala zikupala ndere ndi mano ake aang'ono, ndipo mukatchera khutu m'madzimo mumamva kakhwekhwe ka kupalako. Yamphongo yowala kwambiri imakhala ndi mpata wake pakati pa miyala, ndipo ina ikangoyandikira imatambasula zipsepse n'kuithamangitsa. Mukaona yaikazi yotuwa, yotupa kukhosi, imene siikudya pamene zinzake zikudya, dziwani kuti yafungatira mazira m'kamwa. Imatero pafupifupi masabata atatu osadya kwenikweni, mpaka ana ataswa n'kukula moti angathe kubisala okha m'ming'alu ya miyala.

Mukasunthira pamchenga, yang'anani maenje ozungulira okhala ndi mkombero wokwera, amene nsomba zamphongo za mitundu ina ya utaka ndi chambo zimakonza ponyamula mchenga ndi kamwa kuti zikope zazikazi. Mphunzitsi wa sayansi amene waonetsa ana ake zimenezi waphunzitsa mutu wonse wa kuberekana kwa nsomba m'mawa umodzi.

Ena amaponya nyenyeswa za buledi kuti nsomba ziunjikane. Ine ndimaletsa zimenezi, chifukwa zikaunjikana motero simuonanso khalidwe lake lenileni, ndipo buledi si chakudya cha nsomba zodya ndere.

Ambiri a ife sitidziwa kusambira. Kodi tingachite nawo zimenezi?

Funso limeneli ndi lofunika kuposa onse, chifukwa ife okulira ku Dedza ndi ku Ntcheu timadziwa madzi a m'mitsinje monga Linthipe ndi Mpamadzi, osati nyanja imene pena kuya kwake kumafika mamita 700. Simusowa kusambira kuti muone mbuna. Imani kapena gwadani m'madzi osapitirira m'chiuno, gwirani mwala kapena dzanja la mnzanu, n'kumiza nkhope yokha. Koma dziwani kuti m'magombe ena pansi pamatsetsereka mwadzidzidzi, moti phazi limodzi lokha limakuchotsani pa madzi a m'chiuno n'kukuikani pakuya, ndiponso miyala ya ndere imaterera. Munthu asalowe yekha, asalowe atamwa mowa, ndipo pagulu la ana pakhale wamkulu mmodzi woima kumtunda amene ntchito yake ndi kuwerenga mitu basi.

Ng'ona sizichuluka pa zilumbazi poyerekeza ndi kumathiriro a mitsinje ya kumtunda, koma zimaoneka nthawi ndi nthawi, makamaka m'malo a bango. Safunsa anadya phula: musanalowe m'madzi pamalo atsopano, perekani moni kwa amayi amene akuchapa kapena abambo amene akusoka ukonde, n'kufunsa kuti, "Pepani amayi, kodi pano ana angasambe?" Iwo amadziwa za gombe lawo za dzulo ndi za lero. Musasambe madzulo kukuda kapena usiku.

Pokwera boti laling'ono, funsani majekete oyandamitsa munthu pamadzi musanalipire, ndipo boti likadzaza mopitirira muyeso tsikani ngakhale mwachedwa. Bwato losema la asodzi limafuna munthu wolizolowera, ndipo si la mlendo wosadziwa kusambira.

Nanga okonda mbalame apite kuti, nthawi yanji?

Nkhwazi, imene ili pachizindikiro cha dziko lathu, imapezeka pafupifupi pagombe lililonse lokhala ndi mtengo wautali. Imadziwika ndi mutu ndi chifuwa choyera, mimba yofiirira ndi mapiko akuda, ndipo yaikazi imakula kuposa yamphongo. Zimakhala ziwiriziwiri, ndipo zikamalira zimaponya mutu kumbuyo n'kumayankhizana. Khalani pamwala kuyambira dzuwa lisanatuluke, moyang'anana ndi mtengo umene mwaiona itatera dzulo lake, ndipo mwina mudzaiona ikutsika n'kutola nsomba pamwamba pa madzi ndi zikhadabo popanda kumira. Mudzaonanso mphipi zitatambasula mapiko pamiyala kuti ziume zitatha kumira, akakowa m'madzi osaya, ndi nantchengwa amene chisa chake chachikulu cha timitengo chimaonekera patali pamphanda ya mtengo. Magalasi oonera patali amathandiza, koma mbalame za pagombe zinazolowera anthu moti maso okha amakwanira. Kope ndi pensulo zolembera zimene mwaona, nthawi ndi malo ake, n'zimene ndimalimbikitsa kalabu iliyonse kunyamula.

Kodi tingazungulire chilumba wapansi?

Inde, ndipo kwa anthu ozolowera zitunda za kuno si ntchito yolemetsa, kupatula kutentha. Chilumba cha Likoma kutalika kwake ndi pafupifupi makilomita 8 kuchokera kumpoto kufika kumwera, ndipo njira zimalumikiza Mbamba ndi midzi monga Makulawe, Ulisa, Khuyu, Mbungo ndi Nkhwazi. Nyamukani mbandakucha ndi madzi akumwa okwanira, pumulani masana pamthunzi, ndipo mukatopa njinga zamoto za kabaza zilipo. Pamwamba pa phiri la Macholo mumaona chilumba chonse, Chizumulu chakumadzulo ndi gombe la Mozambique chakum'mawa.

Milambe ndiyo imalamulira maonekedwe a chilumbachi, ndipo kwa mwana wa ku Bembeke kapena ku Tsangano amene sanatsikeko kuchigwa, mtengo umenewu wokha ndi wodabwitsa. M'chilimwe umakhala wopanda tsamba, ndipo mvula ikayandikira umatulutsa maluwa akuluakulu oyera olendewera pansi, amene amatseguka madzulo n'kukopa mileme imene imanyamula mungu usiku. Malambe amene ali pansi pa mtengo wa pafupi ndi nyumba ali ndi mwini wake, choncho pemphani kapena gulani. Musaleme maina anu pakhungwa la mlambe.

Mukafika ku Chipyela lowani m'tchalitchi chachikulu cha St Peter's cha mpingo wa Anglican, chimene anayamba kumanga mu 1903 n'kuchipatula mu 1911. Ngakhale si chachilengedwe, n'chosayenera kuchilambalala, ndipo kachopereka kochepa kothandizira kusamala nyumbayo n'koyenera.

Kodi usiku kuli choona?

Chilipo, ndipo n'chaulere. Mwezi ukakhala mumdima asodzi a usipa amalowa panyanja ndi nyali zokopera nsomba, n'kuzikokera mu ukonde wa chilimira, ndipo kuchokera pagombe mumaona mzere wa nyali kutali pamadzi. M'mawa mwake pitani kumene akukocheza. Mudzapeza amayi ndi mabeseni akudikira, anyamata akutsitsa nsomba, ogula akukambirana mtengo wa ndowa, ndipo usipa ukuyalidwa pathandala kuti uume, wina ukuyamba wafutsidwa. Pamenepo mukhoza kupempha msodzi kuti akuonetseni kusiyana kwa utaka, ncheni, kampango ndi bombe, ndipo ambiri amachita zimenezi mokondwa mukawafika mwaulemu ndiponso ntchito itachepa.

Chinthu china chimene chimadabwitsa mlendo ndi nkhungu. Masiku ena mudzaona chinthu chakuda chitaima pamwamba pa nyanja ngati utsi wa moto wa lupsa umene timauona m'mapiri a kuno mu Seputembala, koma kumeneko kulibe chopsa. Ndi tizilombo touluka tambirimbiri timene mphutsi zake zimakhala m'madzi akuya, masana zimabisala pansi ndipo usiku zimakwera kudzadya, kenako zimatuluka pamodzi, makamaka mwezi ukangokhala kumene. Mphutsizo ndi chakudya cha nsomba zambiri, ndipo mphepo ikakankhira nkhungu kumtunda anthu amaikola ndi malichero kapena madengu n'kuiumba kukhala ndiwo.

Kodi n'koyenera kuwonjezera Chizumulu paulendowu?

Ngati masiku alipo, inde. N'chaching'ono, n'chabata, munthu amachizungulira wapansi m'maola ochepa kudzera ku Same ndi ku Chiteko, ndipo miyala yake ili ndi mbuna zosiyana ndi za ku Likoma. Maboti a anthu wamba amayenda pakati pa zilumba ziwirizi nyanja ikalola, koma mphepo ikavuta mukhoza kutsekeredwa n'kuphonya sitima. Wokhala ndi masiku atatu okha akhazikike pa chilumba chimodzi.

Ndi miyezi iti yabwino kupita?

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera, mphepo yochokera kumwera chakum'mawa, imene imautsa mafunde aakulu ndi kudwalitsa nseru anthu osazolowera sitima. Mphepo ya panyanjayi si yoiderera: mu Julayi 1946 sitima ya Vipya inamira kumpoto kwa nyanja ndipo anthu 145 anafa. Nthambi yoona zanyengo imalengeza pa wailesi mwera ukamabwera, ndipo chenjezo limenelo ndi lofunika kulimvera. Seputembala ndi Okutobala ndi miyezi imene nyanja imakhala bata masiku ambiri ndipo madzi amayera kwambiri, koma kutentha kwake kumalemetsa munthu wochokera ku Dedza, kumene boma lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 pamene nyanja ili pansi pa mamita 500. Epulo ndi kumayambiriro kwa Meyi ndimakukonda chifukwa chilumba chimakhala chikadali chobiriwira, ndipo nthawi zambiri kumayandikana ndi tchuthi cha Pasaka. M'dzinja kumabwera mphepo ya mpoto ndi mvula yamkuntho yadzidzidzi, choncho gulu la ana lisasankhe Januwale kapena Febuluwale.

Tidziteteze bwanji ku matenda?

Malungo ndiwo oyamba. Kunyanja kuli udzudzu wambiri kuposa kumapiri, ndipo anthu okulira kozizira nthawi zambiri amadwala kwambiri akagwidwa. Aliyense anyamule neti yake ndi kugonamo usiku uliwonse, ndipo amene watentha thupi ali konko apite ku chipatala cha St Peter's, kapena kuchipatala cha kwawo ngati zayamba atabwerako, n'kunena kuti anali kunyanja. Amayi oyembekezera ayambe aonana ndi achipatala asanaganize za ulendowu.

Achiwiri ndi likodzo, limene tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi n'kulowa pakhungu. Chiopsezo chimakula m'madzi osaya, odekha, a udzu ndi bango, pafupi ndi pamene anthu ambiri amasamba ndi kuchapa, ndipo chimachepa pamiyala pomenya mafunde, komwenso n'kumene kuli mbuna. Mukabwerako dikirani miyezi iwiri, kenako pitani kuchipatala mukafotokoze kuti munasamba m'nyanja, kuti akuyezeni kapena akupatseni mankhwala a praziquantel molingana ndi thupi lanu. Musadikire kuona magazi mumkodzo. Madzi akumwa muwiritse kapena muthire klorini, pakuti mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unavuta kwambiri m'maboma a m'mbali mwa nyanja. Dzuwa la pamadzi limawotcha msana ndi khosi ngakhale kwa ife akhungu lakuda, choncho lowani m'madzi mutavala malaya.

Kodi tingaolokere ku Mozambique poti ndi pafupi?

Ife tinazolowera kuti pa Lizulu kapena pa Biriwiri munthu amangodumpha msewu n'kukagula zinthu mbali inayo, koma kumeneko musatengere chizolowezi chimenechi. Tauni ya Cobue ili makilomita ochepa kuchokera ku Likoma, koma kuolokako ndi kulowa m'dziko lina, ndipo muyenera kuyamba mwaonana ndi a ofesi yoona za anthu olowa ndi otuluka pachilumbapo muli ndi zikalata zoyenera. Pa ulendo wa ndalama zochepa ndi masiku ochepa, ine ndimalangiza kuti kuolokaku mukusiye.

Tiziwalipira bwanji anthu otithandiza, ndipo tisachite chiyani?

Kuchepetsa ndalama kusasanduke kudyera masuku pamutu anthu a pachilumba. Mnyamata amene wakutsogolerani tsiku lonse kapena bambo amene wakuperekezani ndi boti lake wasiya ntchito ina, ndipo mafuta a injini kumeneko amadula kuposa kuno. Gwirizanani mtengo musananyamuke, nenani momveka bwino kumene mukupita ndi nthawi yobwerera, ndipo gawanani mtengowo pagulu. Gulu lalikulu likafika m'mudzi likayambe laonekera kwa amfumu. Musajambule anthu akusamba kapena ana a eni ake popanda chilolezo, ndipo pochoka pagombe kulowa m'mudzi valani mokwanira.

Musagwire mbuna kuti mupite nazo kwanu m'botolo, chifukwa zimafa m'njira, ndipo malonda a nsomba zimenezi amafuna chilolezo cha nthambi ya zausodzi. Musagule tinsomba tating'ono tosakhwima togwidwa ndi neti ya udzudzu, pakuti kuwedza kotero n'koletsedwa ndipo kumapha nsomba za chaka chamawa. Majumbo, mabotolo ndi mabatire amene mwalowa nawo mutuluke nawo, chifukwa pachilumba chaching'ono chinyalala chilichonse chimathera m'nyanja.

Ngati ndalama kapena masiku sizikukwana, kodi pali chilumba china chapafupi?

Chilipo, ndipo kwa a ku Dedza ndi ku Ntcheu n'chapafupi kwambiri. Msewu womwewo wa ku Golomoti umakufikitsani ku Cape Maclear, m'mudzi wa Chembe, tsiku lomwelo, ndipo kuchokera pamenepo boti limakuolotsani kwa mphindi zochepa kupita ku chilumba cha Thumbi West, kumene kuli mbuna zambiri ndi nkhwazi, kapena ku Domwe. Zilumba zimenezi, pamodzi ndi Mumbo ndi za Maleri za kufupi ndi Senga Bay, zili m'kati mwa Lake Malawi National Park, choncho pali ndalama yolowera, koma Amalawi amalipira yotsika kuposa alendo akunja, ndipo n'chifukwa chake muyenera kunyamula chiphaso cha unzika. Ku Otter Point mumafika wapansi kuchokera m'mudzi n'kuona mbuna popanda kukwera boti. Kalabu ya sukulu imene siinapiteko kunyanja ingachite bwino kuyambira kumeneko Loweruka ndi Lamlungu, kuti aphunzitsi aone mmene ana awo amachitira ndi madzi ndiponso kuti adziwe ndalama zimene gulu lawo limadya pa tsiku, asanakonze ulendo wa sabata yathunthu wa ku Likoma.